Dokotala wa matenda a magazi amapangidwa bwanji? Njira imene Kwaku Ohene-Frempong anayenda

Mu 1995, pachipatala cha Komfo Anokye mumzinda wa Kumasi ku Ghana, anamwino anayamba ntchito imene inali isanachitikepo m'maiko a Africa a kumwera kwa chipululu cha Sahara. Khanda likangobadwa ankalibaya pang'ono kuchidendene, n'kudonthezera timadontho ta magazi pakapepala, kenako kapepalako n'kukatumiza ku labotale. Ankafuna kudziwa, khandalo lisanadwale n'komwe, ngati labadwa ndi matenda a sickle cell, matenda a magazi otengera kwa makolo. Amene analimbikira kuti ntchitoyi iyambe anali Dr Kwaku Ohene-Frempong, katswiri wa matenda a magazi a ana, yemwe panthawiyo ankagwira ntchito ku Philadelphia, ku America.

Kubaya chidendene n'kosavuta, namwino aliyense akhoza kuphunzira m'mawa umodzi. Koma munthu wodziwa chifukwa chobayira, wodziwa kuwerenga zotsatira zake ndi chochita ndi mwana amene wapezeka nawo matendawa, amatenga zaka zoposa khumi kuti apsye. Moyo wa a Ohene-Frempong ukusonyeza bwino zaka zimenezo, ndi zimene munthu amatolamo.

Iwo anabadwa mu 1946 ku Kukurantumi, ndipo sekondale anaphunzira ku Prempeh College ku Kumasi. Kuchoka apo anapita ku yunivesite ya Yale ku America, kumene anatenga digiri yoyamba ya sayansi ya zamoyo mu 1970. Anali katswiri wothamanga modumpha zotchinga, mpaka anatsogolerapo timu ya othamanga ya payunivesitepo. Ku America munthu salowa sukulu ya udokotala akangochoka ku sekondale monga zimakhalira kwathu kuno. Amayamba wathera zaka zinayi pa digiri ina, kenako zaka zinanso zinayi pa udokotala weniweniwo. A Ohene-Frempong anamaliza udokotala ku Yale komweko mu 1975.

Ali pakati pa maphunzirowo, mu 1972, mwana wawo woyamba anabadwa, ndipo anapezeka ndi sickle cell. Zinangochitika kuti ku Yale kunali Howard Pearson, dokotala wa magazi a ana amene mu 1969 anasonyeza kuti mwa ana odwala matendawa kapamba amasiya kugwira ntchito ali aang'ono kwambiri, ngakhale atakhala wotupa. Anthu ambiri amene analemba za a Ohene-Frempong amati kubadwa kwa mwanayu n'kumene kunawalozera njira. Zimenezo n'zoona, koma ine ndingawonjezepo kuti chisoni chokha sichipanga katswiri. Makolo ambirimbiri amva ululu womwewo. Chimene chinasiyanitsa bambo ameneyu n'chakuti anali pamalo pomwe panali aphunzitsi, labotale ndi ndalama za kafukufuku, ndipo sanatope.

Atamaliza udokotala anaphunzira za matenda a ana pachipatala cha New York Hospital cha yunivesite ya Cornell, kenako anapita ku Children's Hospital of Philadelphia kukachita maphunziro a ukadaulo pa matenda a magazi ndi khansa ya ana. Masiku ano ndondomeko yake ku America ndi zaka zitatu za matenda a ana kapena a akulu, ndi zina zitatu za magazi ndi khansa. Mukawerengera kuyambira tsiku lolowa yunivesite, ndi zaka 14. Mwana amene anabadwa tsiku limenelo amakhala akulowa sekondale.

Kodi m'zaka zomalizazo munthu amaphunzira chiyani chimene dokotala wamba sachidziwa?

Choyamba ndi diso. Wophunzira amatenga kadontho ka magazi, kukaika kumapeto kwa kagalasi, n'kukakoka ndi kagalasi kena kuti kayale mopyapyala. Akaumitsa amathira utoto, n'kuika pa maikulosikopu. Kwa ine ndi inu zimangooneka timadontho tofiirira ndi tina ta mtundu wa chibakuwa. Iye amayenera kuona kuti maselo ofiira awa ndi aang'ono komanso otuwa pakati, zomwe zimaloza kusowa kwa ayironi m'thupi. Awa ndi aakulu mopitirira, mwina vitamini B12 ndi wochepa. Awa ndi oduka-duka, ndiye kuti penapake m'mitsempha muli chimene chikuwaswa. Selo loyera ili ndi losakhwima, siliyenera kupezeka kunja kwa fupa, ndipo ngati ali ambiri chonchi tiyambe kuganiza za khansa ya m'magazi. Muselo lina muli kachilombo ka malungo katadzipinda. Makina a masiku ano amawerenga maselo m'kanthawi kochepa ndipo salakwitsa kawirikawiri, koma makinawo akaona chachilendo amangochenjeza. Wonena kuti n'chiyani amakhalabe munthu, ndipo diso limenelo limabwera pokhapokha munthu ataona timagalasi masauzande ambiri ali ndi mphunzitsi pambali.

Chachiwiri ndi dzanja. Magazi amapangidwa m'mafuta a m'kati mwa mafupa, choncho funso likakanika kuyankhidwa ndi magazi a mumtsempha, dokotala amakafunsa kufakitale komweko. Wodwala amagona chammbali, dokotala amapapasa fupa la m'chiuno chakumbuyo, kubaya mankhwala ochititsa dzanzi, kenako kulowetsa singano yonenepa mozungulitsa mpaka italowa m'fupa. Nthawi yokoka mafutawo ndi jekeseni wodwala amamva ululu wachilendo wa kanthawi kochepa umene mankhwala a dzanzi aja satha kuuletsa, ndipo dokotala wabwino amachenjeza asanakoke. Ana kawirikawiri amawagonetsa.

Zinazo n'zambiri: mmene magazi amaundanira ndi chifukwa chimene ena amatayira magazi osaleka, monga odwala hemophilia, pamene ena magazi amawaundana m'mitsempha ya mwendo, mmene amasankhira magazi oyenera kuthira munthu, zomwe sizithera pa A, B, AB ndi O ayi, makamaka kwa munthu amene wathiridwa kambirimbiri ndipo thupi lake layamba kukana magazi ena, mmene amaperekera mankhwala amphamvu a khansa popanda kupha wodwalayo, ndi kusamutsa mafuta a m'mafupa kuchoka kwa munthu wina. Ku America chaka choyamba cha maphunzirowa chimathera muwodi, ndipo gawo lalikulu la zaka zotsalazo limathera pa kafukufuku.

Chimene chimandichititsa chidwi kwambiri pa ntchitoyi ndi kaganizidwe kake. Kuchipatala tikamva kuti "magazi achepa" timaona ngati tauzidwa matenda, koma kwa dokotala wa magazi amenewo ndi mawu oyambira chabe. Achepa chifukwa sakupangidwa, akuphwanyika msanga, kapena akutayika penapake? Chitsanzo chake chili kwathu konkuno. Kafukufuku amene anachitika ku Blantyre ndi ku Chikwawa, wofalitsidwa mu 2008 m'magazini ya zachipatala ya New England Journal of Medicine, anafufuza ana ochepa magazi kwambiri. Ambiri ankayembekezera kuti vuto lalikulu likhala kusowa kwa ayironi. Sizinatero. Zimene zinaonekera kwambiri zinali mabakiteriya m'magazi, malungo, njoka za m'mimba, HIV, kuchepa kwa mavitamini A ndi B12, komanso vuto lobadwa nalo la G6PD, limene limachititsa maselo ofiira kuphwanyika msanga. Mwana wotere mukangomupatsa mapiritsi a ayironi n'kumubweza kunyumba, chimene chikumudya mwachisiya pomwepo.

Tibwerere kwa a Ohene-Frempong. Mu 1980 anapita ku yunivesite ya Tulane ku New Orleans, kumene anakhazikitsa ntchito yosamalira odwala sickle cell, ndipo mu 1986 anabwerera ku Philadelphia kukatsogolera ntchito yomweyo kwa zaka zambiri. Kuti timvetse zimene anachita, tiyenera kuwadziwa matendawo.

M'selo lofiira lililonse muli hemoglobini, chinthu chonyamula mpweya wa okosijeni. Mwa munthu wa sickle cell, hemoglobini ameneyu ndi wosiyana pamalo amodzi okha, koma akangotula okosijeni amagwirana-gwirana n'kuuma, ndipo selo limene linali lofewa ndi lobulungira limapindika ngati zenga lomwetera udzu. Maselo opindikawa amatseka timitsempha ting'onoting'ono, ndipo kumene magazi sakufika kumapweteka koopsa: m'mafupa, m'chifuwa, m'mimba, ndipo makanda amatupa manja ndi mapazi. Komanso selo lofiira labwino limakhala masiku pafupifupi 120, pamene lopindikali limafa m'masiku 10 mpaka 20, n'chifukwa chake wodwala amakhala wochepa magazi nthawi zonse, maso ali achikasu. Matendawa si opatsirana ndipo si olodzedwa. Mwana amawatenga kwa makolo onse awiri. Bambo ndi mayi akakhala kuti aliyense ali ndi theka la chibadwa chimenechi, iwowo sadwala, koma pa mimba iliyonse mpata woti mwana abadwe ndi matendawa ndi umodzi mwa inayi. Pa mimba iliyonse, osati pa ana anayi alionse. Banja likhoza kukhala ndi ana atatu odwala motsatizana, lina osakhala naye ndi mmodzi yemwe.

Azungu anawalemba koyamba mu 1910, pamene James Herrick wa ku Chicago anafotokoza za magazi a wophunzira wina wochokera ku Grenada, koma ku West Africa anthu ankawadziwa kalekale. Dokotala wina wa ku Ghana, Felix Konotey-Ahulu, anawalondola m'banja la kwawo mpaka kufika cha m'ma 1670. Mu 1954 Anthony Allison anasonyeza chifukwa chimene afalikira chonchi mu Africa: amene ali ndi theka chabe la chibadwachi amatetezeka ku malungo aakulu, choncho m'madera a udzudzu iwo ndiwo ankapulumuka n'kubereka.

Pamene a Ohene-Frempong ankabwerera ku Philadelphia, zinthu zinali zikusintha. Mu 1986 gulu lotsogozedwa ndi Marilyn Gaston linafalitsa zotsatira zosonyeza kuti kupatsa ana aang'ono odwala sickle cell penisilini wakumwa kawiri patsiku kunachepetsa matenda oopsa a mabakiteriya a chibayo ndi 84 peresenti. Apa m'pamene nkhani ya kapamba ya Pearson ija ikugwira: kapamba ndiye amasefa mabakiteriya amenewa, ndipo kapambayo akasiya kugwira ntchito, mwana akhoza kutentha thupi m'mawa n'kumwalira madzulo. Koma penisilini amathandiza kwambiri mwanayo akadziwika msanga, ali ndi miyezi iwiri kapena itatu. N'chifukwa chake mu 1987 akatswiri ku America anagwirizana kuti makanda onse aziyezedwa akangobadwa.

Ntchito yawo yodziwika kwambiri pa kafukufuku inali ya sitiroko. Ambirife timaona sitiroko ngati nthenda ya agogo a BP, koma mwana wa zaka zisanu wa sickle cell akhoza kudzuka dzanja ndi mwendo zitafa. Pogwiritsa ntchito zolembedwa za odwala masauzande angapo amene anatsatiridwa kwa zaka zambiri ku America, a Ohene-Frempong ndi anzawo anafalitsa mu 1998 m'magazini ya Blood kuti mwa odwala mtundu waukulu wa matendawa, 11 peresenti amakhala atagwidwa sitiroko pofika zaka 20, ndipo 24 peresenti pofika zaka 45. Chaka chomwecho kafukufuku wina wotsogozedwa ndi Robert Adams anasonyeza kuti ana amene ali pachiopsezo angathe kudziwika msanga. Kachipangizo kotumiza mafunde a phokoso amakagunditsa pambali pa mutu, kutsogolo kwa khutu, n'kuyeza liwiro la magazi m'mitsempha ya ubongo. Liwiro likakwera kwambiri ndiye kuti mtsempha wachepa. Ana otere akamathiridwa magazi mwezi ndi mwezi, chiopsezo cha sitiroko chimatsika ndi pafupifupi 90 peresenti.

Tsono onani mmene zinthu zimakokerana. Mwana wothiridwa magazi mwezi uliwonse amadzaza ayironi m'chiwindi ndi mumtima, ndiye pafunika mankhwala ena ochotsa ayironiyo. Thupi lake limayamba kukana magazi a anthu ena, ndiye pafunika nkhokwe ya magazi yodziwa kusankha mosamala. Yankho lililonse limabala funso lina, ndipo amene amasunga mafunso onsewa m'mutu kwa zaka 18 za mwana mmodzi ndi dokotala wa magazi. Odwala ake ambiri sachira n'kutsanzika. Amakula nawo, kudziwa abale awo, nthawi zina mpaka kupita ku maliro awo. Mwana wa a Ohene-Frempong anamwalira mu 2013 ali ndi zaka 40.

Nanga n'chifukwa chiyani munthu wokhazikika ku Philadelphia ankavutika ndi maulendo a ku Kumasi? Chifukwa odwala ali kuno. Makanda oposa 300,000 amabadwa ndi matendawa chaka chilichonse padziko lonse, ndipo ochuluka mwa iwo ali mu Africa, makamaka ku Nigeria ndi ku Democratic Republic of Congo. Ku Ghana ndi pafupifupi khanda limodzi mwa 50 alionse. Ku America ndi ku Britain ana oposa 90 peresenti amafika pa uchikulire, pamene m'madera ambiri a Africa akatswiri akuyerekeza kuti theka kapena kuposerapo amamwalira asanakwanitse zaka zisanu, ambiri osadziwika n'komwe chimene chawapha. M'kaundula mumangolembedwa malungo kapena chibayo.

Ntchito ya ku Kumasi inali yoposa kuyeza. Zotsatira zikatuluka, mayi uja amakhala atapita kale kumudzi, ndipo m'masiku amenewo mafoni a m'manja anali osowa kwambiri. Pankafunika anthu okamufunafuna, omufotokozera kuti khanda looneka lathanzili lili ndi matenda a moyo wonse, kuti si tchimo la mayi yekha monga achibale a kuchimuna amafulumira kunena, kuti lizimwa penisilini tsiku lililonse, litetezedwe ku malungo, lilandire katemera yense, ndiponso kuti likangotentha thupi athamange nalo usiku womwewo. Amayi amaphunzitsidwanso kupapasa kapamba pansi pa nthiti za kumanzere, chifukwa akatupa mwadzidzidzi amatha kumeza magazi ambiri a mwana m'maola ochepa. Palibe chodula pa zonsezi. Chovuta n'kuzilumikiza kuti zichitike kwa mwana aliyense, chaka ndi chaka, ngakhale ndalama za opereka thandizo zitatha. Apa dokotala amasanduka mphunzitsi wa anamwino, wopempha ndalama, ndi wogogoda pamakomo a nduna, ndipo palibe sukulu ya udokotala imene imaphunzitsa zimenezi mokwanira. A Ohene-Frempong anatsogolera bungwe la Sickle Cell Foundation of Ghana ndipo anathera zaka zambiri akukankha boma kuti kuyeza makanda kufike dziko lonse.

Njira imene iwo anadutsa ndi ya ku America, ndipo si yokhayo. Ku Britain dokotala akamaliza sukulu amagwira zaka ziwiri zoyambirira, kenako zina ziwiri za matenda a akulu ndi mayeso a Royal College of Physicians, ndiyeno zaka zisanu za magazi ndi mayeso a Royal College of Pathologists. Kumeneko munthu mmodzi yemweyo amaona odwala komanso kuyang'anira labotale. Ku South Africa zipata ndi ziwiri: ena amalowera ku labotale kwa zaka zinayi, ena amayamba akhala akatswiri a matenda a akulu kapena a ana kenako n'kuwonjezera zaka ziwiri za magazi. Kwa dziko limene katswiri ndi mmodzi kapena awiri, ine ndimaona kuti maphunziro ophatikiza wodi ndi labotale ndiwo oyenera, popeza munthuyo akabwerera kwawo sadzapeza mnzake womuwerengera kagalasi.

Ku Malawi sukulu ya udokotala inatsegulidwa mu 1991 ku Blantyre, ndipo kuyambira 2021 ili pansi pa Kamuzu University of Health Sciences. Wophunzira amathera zaka zisanu pa digiri ya udokotala, ena atayamba ndi chaka chokonzekera, kenako miyezi 18 ya kugwira ntchito moyang'aniridwa, ndiyeno zaka zinayi za ukatswiri wa matenda a ana kapena a akulu. Za magazi zimabwera pamwamba pa zonsezo, ndipo ambiri amakaziphunzira kunja. Chasinthako n'chakuti kunjako sikulinso kutsidya la nyanja kokha. Mu 2016 ku Kampala, Uganda, kunayamba maphunziro a zaka ziwiri a matenda a magazi ndi khansa ya ana, ndipo mu 2017 chipatala cha Texas Children's chinakhazikitsa ntchito ya Global HOPE ku Botswana, Malawi ndi Uganda, imene ku Lilongwe imagwira ntchito pa Kamuzu Central Hospital. Ubwino wophunzirira pafupi ndi woti dokotala amazolowera odwala, mankhwala ndi zosowa zofanana ndi zimene akakumane nazo kwawo, komanso mtima wofuna kutsalira kunja umachepa. 

Katswiri akabwerera amadalira zinthu zimene sizili m'manja mwake. Chachikulu ndi magazi enieniwo. Bungwe la Malawi Blood Transfusion Service, limene linakhazikitsidwa mu 2003, limadalira kwambiri ana a sukulu, ndipo sukulu zikatsekera nkhokwe zimachepa. M'malo otere, kuthira mwana magazi mwezi uliwonse kwa zaka zambiri n'kovuta zedi. N'chifukwa chake mankhwala a hydroxyurea ali ofunika kuno kuposa ku Philadelphia. Ndi kapisozi wakumwa kamodzi patsiku amene amachititsa thupi kupanganso hemoglobini wa mtundu umene mwana amakhala nawo ali m'mimba, ndipo ameneyo amalepheretsa maselo kupindika. Ku America anavomerezedwa mu 1998, koma kwa zaka zambiri panali mantha akuti mu Africa angafooketse ana pamaso pa malungo ndi matenda ena. Kafukufuku wa ana pafupifupi 600 ku Angola, Congo, Kenya ndi Uganda, wofalitsidwa mu 2019, anapeza zosiyana ndi manthawo: ululu, kuthiridwa magazi, malungo ndi imfa zonse zinachepa. Mankhwalawa amafuna kuyeza magazi pafupipafupi ndi wina wodziwa kukweza kapena kutsitsa mlingo, ndiye tabwereranso kwa dokotala uja ndi anthu amene wawaphunzitsa. Mu 2019 boma la Ghana linachita mgwirizano ndi kampani ya Novartis kuti mankhwalawa afike kwa odwala ambiri, ndipo bungwe la a Ohene-Frempong linali pakati pa mgwirizanowo.

Iwo anamwalira pa 7 May 2022 ali ndi zaka 76, atadwala khansa ya m'mapapo. Chakumapeto kwa 2023 Britain ndi America anavomereza chithandizo chotchedwa Casgevy, chimene madokotala amatenga maselo opanga magazi a wodwala, kuwakonza chibadwa mu labotale, n'kuwabwezera m'thupi. Pamene chinavomerezedwa, mtengo wake ku America unali madola 2.2 miliyoni pa munthu mmodzi, osawerengera masabata ogona m'chipatala ndi mankhwala amphamvu amene amayamba apha mafuta akale a m'mafupa. Wophunzira za magazi wa lero ayenera kuchidziwa chithandizo chimenechi, ngakhale kuti pa odwala amene akawapeze ku Kumasi, ku Lusaka kapena ku Lilongwe, ambiri adzafika kwa iye ali ndi zaka zitatu kapena zinayi, atathiridwa kale magazi kangapo popanda wina kufunsa chifukwa chake.